Bafa la ku Machinjiri: kusaka mamilimita 32 tisanaike matailosi

29 Juni 2024, Loweruka: kuyeza

Chilowereni m'nyumba ino, munthu akamasamba madzi salowera ku dreni. Amayamba adikha pakati pa bafa, kenako n'kuuyamba ulendo wa kuchitseko. Takhala tikusambira pa konkire yosamata kwa zaka ziwiri, ndipo mayi a kunyumba anafika poika chikolopa pakhomo la bafa ngati mlonda. Ndalama ya matailosi yapezeka tsopano, koma kumata matailosi pa konkire yopendekera kolakwika n'kungolikongoletsa vutolo. Pafunika kaye screed, matope ouma a simenti ndi mchenga oti apereke mtsetse wolondola.

Bafali ndi la mamita 2.4 m'litali ndi 1.8 m'lifupi. Chitseko chili mbali ina, shawa kumapeto, ndipo dreni ili mamita 2 kuchokera pachitseko. Ndinagula paipi yoonekera mkati ya mamita 10 pa K6,000, n'kuthiramo madzi osakaniza ndi Sobo pang'ono kuti azioneka; ndi yoyezera levulo, poti madzi amaima molingana m'mapeto ake awiri. Ndinajambula mzere pakhoma mita imodzi pamwamba pa matailosi a mu kolido, n'kuuzungulitsa makoma onse anayi. Ulendo woyamba mzerewo sunakumane, unaphonyana ndi mamilimita 9. Mupaipi munali timathovu ta mpweya. Ndinakhuthula, n'kudzazanso pomiza mbali imodzi mu ndowa kuti madzi adzikoke okha, ndipo nditagundanitsa mapeto awiriwo madzi anaima pamodzi. Osayamba kulemba pakhoma musanachite zimenezi.

Kuchokera pamzere kutsika pansi, nambala yaikulu ndiye malo otsika. Konkire pachitseko inali pa mamilimita 1060, pa dreni 1048. Ndiye kuti dreni inakhala pachulu, yokwera ndi mamilimita 12 kuposa pakhomo.

Ndikufuna tailosi ya pachitseko ikhale pa 1010, yotsikirako pang'ono kuposa kolido. Tailosi ndi simenti yomatira zidya mamilimita 12, choncho pamwamba pa screed pakhale 1022. Kuchokera apo mpaka poyambira shawa ndi mamita 1.1, mtsetse wa 1:80 (kutsika milimita imodzi pa mamilimita 80 alionse), mamilimita 14. M'shawa, masentimita 90 ofika pa dreni, 1:50, mamilimita 18. Zonse pamodzi 32, ndiye kuti screed pa dreni ithere pa 1054. Koma konkire yomwe ilipo kale ili pa 1048, pamwamba pa pomwe screed iyenera kuthera. Komanso screed yomatirira pa konkire siyenera kuchepera mamilimita 25, apo ayi imasweka. Masamu akuti konkire ya pa dreni igobedwe mamilimita 31.

30 Juni, Lamulungu

A mmisiri anabwera titaweruka kutchalitchi. Ataona manambala anga pakhoma anaseka.

"Bwana, zonsezi n'zachiyani? Tidzakweza ndi simenti yomatira pomata matailosi, madzi adzayenda okha."

Ndinakana. Simenti yomatira ndi yodula kuposa simenti wamba ndipo siinapangidwire kudzaza masentimita atatu. Ikachuluka imafota pouma, tailosi n'kutsika mbali imodzi. Anapereka nzeru ina, yoti tingokweza pachitseko n'kupanga kasitepe kolowera m'bafa. Imeneyo ndi njira ndithu ndipo ikanatipulumutsa ku kugoba, koma agogo amabwera kudzakhala nafe miyezi yozizira, maso awo ndi ofooka, kasitepe kotere usiku ndi msampha. Tinagwirizana K40,000 ya kuyala screed, kugoba padera K20,000.

1 mpaka 3 Julayi: kugoba

Tinachotsa mtondo wa chimbudzi n'kutseka paipi yake ndi chisanza. Tinabwereka girayinda, K10,000 patsiku, ndi kugula disiki yodulira konkire pa K9,500. Njira yake ndi kucheka mizere motalikirana masentimita asanu, kenako tchizulo ndi hamala kuthyola zapakati. Pa dreni tinazamitsa mamilimita 31, n'kumachepetsa mpaka 10 poyambira shawa. Konkireyi ndi ya mamilimita pafupifupi 100 ndipo yakhala pa dothi, ndiye kuichotsera 31 pamalo amodzi sindinade nako nkhawa. Ikanakhala nyumba yosanja sindikanayerekeza.

Lolemba magetsi anazima cha m'ma 10 koloko n'kuyaka kutada. Girayinda ndinalipira ya masiku awiri pa ntchito ya tsiku limodzi. Fumbi ndiye losasimbika. Tinatseka chitseko ndi nsanza zonyowa koma linakafikabe mpaka m'mbale za kukhitchini.

Mbali yotsala, kuchokera pa shawa kufika pachitseko, tinangoitema ndi tchizulo paliponse kuti ikhale yokakala. Pamwamba pa konkire yakaleyi panali poterera ndi sopo wa zaka ziwiri, ndipo palibe simenti yomwe ingagwire pamenepo.

A pulambala anabwera Lachitatu kudzatsitsa paipi ya mamilimita 50 yotulukira kukhoma la kumbuyo, n'kuika dreni yatsopano. Ndinawauza kuti pamwamba pa chitsulo chake pakhale 1044, kutsikirako mamilimita awiri pansi pa tailosi. Ntchito K15,000, dreni ndi zolumikizira K14,000.

4 Julayi, Lachinayi: mchenga

Apa ndinataya K12,000 chifukwa chofuna zotchipa. Anyamata ena anandibweretsera mchenga pafupi, wofewa m'manja, wooneka bwino. Ndinauika mu botolo mpaka theka, kudzaza madzi, kukhutchumula n'kusiya. Pofika madzulo pamwamba pa mchenga panali patakhala dothi lokhuthala kuposa chala chachikulu. Unali wa kudambo. Mchenga wotere umamwa madzi ambiri, screed yake imafota n'kung'aluka. Ndauunjika kuseri, udzagwira ntchito pa pulasitala ya mpanda.

Ndinaitanitsa wina wa mumtsinje wa Lunzu, wokakala, wolira ukaufinya, K18,000. Mu botolo dothi lake linali kamzere chabe. Tinausefa kuchotsa miyala ndi timitengo.

Simenti matumba atatu a makilogalamu 50, K22,500 lililonse, K67,500. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene wamva Lolemba suupeza Loweruka, ndiye ndinagula lachitatulo ngati losungira. Mankhwala oyera ngati mkaka othandiza simenti yatsopano kumatirira pa yakale, malita 5, K27,000. Pepala lakuda la pulasitiki, K5,000.

6 Julayi, Loweruka: kuyala koyamba

Anthu ali pa tchuthi cha ufulu, ife tili m'bafa. Dzulo madzulo tinasesa, kutsuka ndi bulashi ya waya, n'kunyowetsa konkire yonse kuti igone ikumwa madzi. M'mawa tinapukuta ndi siponji pomwe panadikha. Konkire iyenera kukhala yakuda ndi chinyezi koma yosanyezimira madzi.

Muyezo unali 1:3, gawo limodzi la simenti, magawo atatu a mchenga. Thumba limodzi la simenti lili ngati malita 33, ndiye thumba limadya ndowa zisanu za malita 20 za mchenga. Ndinakaniza kuyeza ndi fosholo, chifukwa fosholo ya m'mawa ndi ya masana sizifanana. Tinasakaniza zouma kaye mpaka mtundu utakhala umodzi, kenako madzi pang'onopang'ono. Dakaboyi anazolowera matope omangira njerwa, ankangofuna kuthira ndowa yonse. Matope a screed ukawafinya m'manja azigwirana ngati mbamu ya nsima, osatuluka madzi, ndipo ukawaponya pansi azimwazika. Akakhala a phalaphala sangasunge mtsetse, amatsetserekera ku dreni ukangochotsa thabwa.

Tinaika timilu ta matope m'mbali mwa makoma, pamwamba pa kalikonse kachidutswa ka tailosi, n'kuyeza kuchokera pamzere: 1022 pachitseko, 1036 poyambira shawa ndi m'makoma a m'mbali mwa dreni, 1046 kumbuyo kwenikweni kwa dreni poti khomalo lili pafupi. Mbali ya kuchitseko tinagoneka timatabwa tiwiri topyapyala toti thabwa lowongolera liziyendapo.

Kenako phala lomatira: simenti, madzi ndi mankhwala aja, lokhuthala ngati phala la mwana, lopakidwa ndi bulashi yolimba. Lamulo lake ndi limodzi, screed igwere pa phala likadali lonyowa.

Tinayamba ku shawa. Kuthira, kusinja ndi fuloti ya thabwa mpaka polimba, kukoka thabwa lowongolera kuchokera pa kamulu kupita pa dreni, kudzaza mabowo, kusinjanso. Shawa inatha bwino cha m'ma 11. Apa mpamene pampopi panangolira mpweya. Mu mgolo munali madzi ochepa chifukwa ine mwini sindinadzaze dzulo lake, ndinkati abwera. Ndinatenga galimoto ndi zigubu ndi dakaboyi kupita kumjigo, komwe tinapeza mzere. Tinabwerako patatha pafupifupi ola. Pofuna kuti tisawapeze atangokhala, a mmisiri anali atapaka phala mbali yonse yotsala mpaka pachitseko. Linali litayamba kutuwa.

"Likadali lonyowa ili, bwana, taonani," anatero akudinda ndi chala.

Chala chinalowadi pang'ono, ndipo ine ndinali nditatopa. Ndinalola. Tinayala, kuchotsa timatabwa tija, kudzaza mizere yake, n'kumaliza ndi fuloti ya thabwa. A mmisiri anafuna kuwaza simenti youma n'kusalaza ndi chitsulo monga amachitira pansi pa nyumba wamba, koma pamenepo ndinakanitsitsa. Pomata matailosi pamafunika pokakala. Simenti inapita thumba ndi theka.

7 mpaka 13 Julayi: kusunga chinyezi

Lamulungu m'mawa ndinawaza madzi n'kufunditsa pulasitiki, njerwa m'mbali. Masiku asanu ndi awiri, kuwaza kamodzi patsiku. Chiperoni chinagwa sabata yonseyo, kunja kuli mvula yowaza ndi nkhungu, zomwe kwa simenti ndi zabwino. Kwa ife osambira m'bafa la panja 5 koloko m'mawa, nkhani ndi ina.

13 Julayi, Loweruka: kugogoda

Ndinachotsa pulasitiki. Pamaso ntchito yokongola, palibe mng'alu. Ndinatenga sipanala n'kuyamba kugogoda pang'onopang'ono kuchokera pa dreni. M'shawa monse phokoso linali louma, lolimba, ngo ngo ngo. Nditadutsa poyambira shawa linasintha, phu phu phu, ngati ukugogoda chikho chopanda kanthu. Ndinazungulira ndi choko malo onse olira choncho. Anayambira masentimita 20 kuchokera pa shawa mpaka pachitseko, pafupifupi masikweya mita 1.6, ndendende pomwe phala linadikirira madzi a kumjigo.

Phala likauma limasanduka kachikopa kosalala pakati pa konkire ndi screed, m'malo momata limalekanitsa. Ikanakhala screed yokhuthala masentimita asanu kapena kuposa, mwina ikanadziimira payokha. Yathuyi ndi ya mamilimita 25 mpaka 38, mphamvu yake yonse ili pa kumatirira.

A mmisiri anabwera, anagogoda okha, anakhala chete kanthawi.

"Matailosi akakhala pamwamba sizimveka izi, bwana."

"Sizimveka chaka choyamba, bambo. Chachiwiri ndidzakhala ndikukusakani."

Sindinawakalipire. Amene sanadzaze mgolo ndine, ndipo amene anavomera phala lotuwa ndinenso. Tinamvana kuti kubwereza ndiwonjezera K10,000 yokha.

15 Julayi, Lolemba: kuswa

Girayinda yabwerekedwanso, K10,000. Tinacheka mzere wowongoka masentimita asanu mkati mwa mbali yolimba, kuti polumikiza pakhale mphepete yoima, osati yopyapyala. Tchizulo itangolowa pansi, screed inanyamuka zibenthu zazikulu ngati nkhoko mumphika wonyikidwa. Kunsi kwake kunali kosalala, kotuwa. Kuswa kunatenga mphindi makumi awiri. Kuchotsa kachikopa ka phala kotsalira pa konkire n'komwe kunadya tsiku lonse, chifukwa ku konkireko kanagwira ndithu.

17 Julayi, Lachitatu: kuyala kachiwiri

Mgolo wodzaza, zigubu zinayi pambali. Matope tinasakaniziratu onse asanakhudze bulashi. Ntchito ya phala ndinaigwira ndekha: kupaka kachigawo ka masentimita 40, kuphatikizapo mphepete ya screed yakale, a mmisiri n'kuthira nthawi yomweyo. Akamaliza kusinja, ndipake kena. Sipanadutse mphindi zisanu pakati pa bulashi ndi matope. Nthawi ya chakudya inakwana tili pakati, nsima inadikira. Zonse zinatenga ola ndi theka, simenti yosakwana thumba. Pulasitiki yabwerera, masiku ena asanu ndi awiri.

Usiku mphaka wa aneba analowera pawindo n'kuyenda pamwamba pa pulasitiki. Mapazi ake akuoneka pangodya, koma ndi osazama, simenti yomatira idzawameza.

24 Julayi, Lachitatu: ndowa ya madzi

Sipanala yalira ngo ngo paliponse, ngakhale polumikiza. Kenako mayeso enieni. Ndinakhuthula ndowa ya malita 20 pachitseko, ana ataima mu kolido kuonerera. Madzi anayenda okha kulowera ku shawa, anafika pamtsetse wa 1:50 n'kuthamanga, dreni inameza. Mu kolido simunalowe dontho. Mayi a kunyumba anayang'ana chikolopa chawo, osanena kanthu.

Patatha mphindi khumi panatsala kadziwe kamodzi kumanzere, pafupi ndi pokhala mtondo wa chimbudzi, kukula ngati mbale ya ndiwo. Nditaimika kamtengo ka machesi pakati pake, kananyowa mamilimita atatu. Nditagoneka thabwa lowongolera ndinapeza kuti vuto si dzenje ayi, ndi kamtumbira. Pomwe tinadzaza mzere wa kathabwa panakwera pang'ono, n'kutchinga madzi.

27 Julayi, Loweruka

Maganizo oyamba anali odzaza kadziweko ndi matope. Ayi. Matope wamba a mamilimita atatu sagwira, amafufuzika, ndipo kudzaza kukanangokankhira madzi pena. Ndinagula mwala wopalira konkire pa K4,000 n'kupala kamtumbirako ndi madzi, utali wa masentimita 60. Maola awiri ndili chogwada, maondo akudandaula. Ndinkapala pang'ono, kuthira kapu ya madzi, kuona komwe akupita, kupalanso. Ulendo wachisanu ndi chimodzi kadziwe kanatsetsereka konse.

28 Julayi mpaka 12 Ogasiti: kudikira

Apa palibe chochita koma kutsegula windo ndi chitseko. Amisiri a screed amawerengera milimita imodzi patsiku kuti iume, kwa yosapitirira mamilimita 40. Kwa ife ndi mwezi ndi masiku angapo, ndipo nyengo yozizira siithandiza. Woika matailosi wakhala akuimba foni kawiri pa sabata, akuti kwina amamata tsiku lachitatu. Ndikudziwa kuti amatero. Screed imafota m'masabata oyambirira, ndipo tailosi yomatidwa isanathe kufota ndi ija imadzatukuka kapena kung'aluka pakati.

Pa 5 Ogasiti ndinamata kachidutswa ka pulasitiki koonekera mkati, masentimita 40 mbali zonse, ndi tepi pamalo okhuthala a pachitseko. M'mawa mwake kunsi kunali thukuta ndipo screed inali yakuda. Ndinabwereza pa 12. Thukuta panalibe, mtundu unasintha pang'ono chabe.

14 ndi 15 Ogasiti: chotchinga madzi

Screed ndi zomatira za pakati pa matailosi sizitchinga madzi, zimangowachedwetsa. Khoma la kumanja kwa shawa ndi la chipinda cha ana, ndipo penti ya kumunsi kwake inayamba kale kusupuka. Ndinagula mankhwala otchinga madzi osakaniza ufa ndi madzi ake, K48,000. Polumikizana khoma ndi pansi tinazunguliza kamtsetse kakang'ono ka matope kuti pasakhale ngodya yakuthwa, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Ndinapaka kawiri, Lachitatu chamlitali, Lachinayi chopingasa, kukwera makoma masentimita 15 bafa lonse ndi mamita 1.8 m'shawa. Pozungulira dreni ndinapaka katatu. Anatha ndendende, ndinachita kukokota chidebe.

Ndalama yonse kufika pano ndi K326,000, osawerengera matailosi. Ndinkayembekeza K150,000. Zotayika chabe ndi mchenga wa kudambo, tsiku la girayinda lopanda magetsi, kuswa ndi kubwereza, komanso simenti yopita ku zibenthu, zonse pafupifupi K60,000. Zinazo ndinangowerengera mochepa poyamba.

19 ndi 20 Ogasiti: kumiza

Ndinatseka dreni ndi chisanza chokulunga mu jumbo, kutchinga pachitseko ndi thabwa ndi dongo, n'kudzaza madzi mpaka ataphimba pansi ponse. Ndinalemba mzere wa pensulo pakhoma. Patatha maola 24 madzi anali atatsika mwina milimita imodzi, khoma la ana louma, kunja pamaziko pouma. Nditachotsa chisanza, bafa lonse linakhuthuka popanda kadziwe, kupatula mapazi anayi a mphaka.

22 Ogasiti, Lachinayi: matailosi

Mkangano womaliza unali wa kukula kwa matailosi. Mu kolido munatsala makatoni awiri a 60 kwa 60 onyezimira, ndipo mayi a kunyumba ankafuna kuti bafa lifanane ndi kolido. Ndinatenga imodzi n'kuigoneka pafupi ndi dreni. Inagwedera ngati tebulo la mwendo waufupi, chifukwa pamenepo pansi pakutsetsereka kuchokera mbali zinayi ndipo tailosi yaikulu siipindika. Ndinaithiranso madzi a sopo n'kuwapempha kuti apondepo. Sitinakambiranenso. Tagula a 30 kwa 30 okakala, osaterera, ndipo ozungulira dreni adulidwa chopingasa kuchokera pa ngodya zake zinayi kuti atsate mtsetse.

Woika matailosi wayamba lero, kuyambira pa dreni kubwerera kuchitseko. Ndamupempha kuti asafufute mzere wa pakhoma mpaka atamaliza pansi, ndipo pa mizere itatu iliyonse tikuyezanso. Tailosi yoyamba ya pambali pa dreni yakhala pa 1042. Mawa tifika pachitseko, pomwe pakufunika 1010. Chitseko chenichenicho chikufunika kuchekedwa kunsi mamilimita pafupifupi 15, zomwe palibe anaziganizira mpaka madzulo ano pamene tinayesa kuchitseka.